Kusukulu akuti AI ndi kubera, bambo ake akuti ndi chitukuko, mwana amvere ndani?

Funso: Ndine mayi wa ana awiri, timakhala ku Chilomoni. Wamkulu ndi mtsikana ali fomu 3, teremu yathayi aphunzitsi a Chingerezi anamupatsa ziro pa kompozishoni akuti inalembedwa ndi AI, mapulogalamu aja omwe ukawafunsa amakuyankha ndi kukulembera ngati munthu. Iye sanakane, anangoti anzake onse akupanga zomwezo ndi Meta AI ya pa WhatsApp. Bambo ake akuti musiyeni mwana dziko lasintha, ndipo bandulo amamugulira ndi iwowo. Kusukulu foni ndi yoletsedwa koma ma asayimenti amatumiza pa gulupu ya WhatsApp. Wamng'ono ali sitandade 6 nayenso wayamba kulirira foni. Kunyumba kukunenedwa zina kusukulu zina, ine ndaima pakati. Tipange bwanji?

Yankho: Zikomo mayi polemba. Ndiyambe ndi chinthu chomwe mwachitchula mongodutsa koma kwa ine ndi chachikulu kuposa ziroyo, mwana wanu atafunsidwa sanakane. Ana ambiri amakanitsitsa mpaka kulumbira, nde ngati wanuyo anavomera ndiye kuti pakhomo panu pali china chake chomwe munamulera nacho bwino, ndipo chilichonse chomwe mupange kuyambira pano chisamuphunzitse kuti kunena zoona kumaika munthu m'mavuto. Mukamukalipira kwambiri kapena kumulanda foni mwaukali AI-yo sasiya ayi, angophunzira kubisa basi, azikagwiritsa ntchito foni ya mnzake inu muli phee mukuganiza kuti nkhani inatha.

Za bambo ndi aphunzitsi, onsewa akunena zoona kungoti aliyense wagwira mbali yake. Bambo akunena zoona kuti zinthuzi sizibwerera m'mbuyo. ChatGPT, imodzi mwa ma AI odziwika kwambiri, inatuluka mu Novembala 2022, ndipo mu Epulo 2024 kampani ya Meta inabweretsa Meta AI kuno, Malawi anali m'gulu la mayiko oyambirira mu Africa muno kuilandira limodzi ndi Zambia, Zimbabwe, Uganda, Ghana, Nigeria ndi South Africa. Nde mwana safunika laputopu kapena kudawuniloda china chilichonse, chinthucho chili mu WhatsApp momwemo mmene aphunzitsi akutumiziramo asayimenti. Amatsegula gulupu ya kalasi, kukopa funso, kuliponya kwa AI, ansala yabwera nsima isanapse.

Aphunzitsi nawonso akunena zoona. Mphunzitsi akapereka kompozishoni sikuti akusowa nkhani yoti aziwerenga, akufuna mwana avutike kusanja maganizo, asakesake mawu, alakwitse galamala, akonzedwe, alembenso. Phunziro lenileni ndi kuvutikako, pepala ndi umboni chabe woti wavutika. Zili ngati munthu woti akufuna kuphunzira kupalasa njinga koma tsiku lililonse amangokwera kabaza, kofikako amafika ndithu, mwachangunso, koma tsiku lomwe adzamupatse njinga kuti apalase yekha adzagwera mu ngalande. Kwa mwana wanu tsikulo ndi MSCE chaka chamawa, m'chipinda cha mayeso a MANEB mulibe foni, ndipo mukudziwa kuti ukalephera Chingerezi satifiketi palibe olo maphunziro enawo utawakhoza bwanji.

Izi si maganizo anga chabe. Ofufuza a ku University of Pennsylvania ku America anakayesa zimenezi pa sukulu ina ya sekondale ku Turkey, ana pafupifupi 1,000, phunziro la masamu. Anawagawa patatu. Ena anawapatsa AI yotchedwa GPT-4 yongoyankha chilichonse chomwe wafunsa, ena anawapatsa yomwe anaikonza kuti isamapereke ansala koma izingolozera njira ngati mmene amachitira mphunzitsi wabwino, ena anatsala ndi mabuku ndi notsi zawo basi. Pa nthawi yoyeserera gulu loyamba lija linkakhoza ndi 48 peresenti kuposa a mabuku okha, zinkaoneka ngati zatheka. Koma atawalanda AI n'kuwapatsa mayeso oti alembe okha, omwewo anatsika ndi 17 peresenti poyerekeza ndi anzawo omwe sanaigwirepo n'komwe. Gulu lachiwiri lija, la AI yolozera njira, silinagwe chonchi. Chomwe chimandidetsa nkhawa ine pa kafukufuku ameneyu n'choti ana omwe anatsikawo sankadziona kuti atsika. Ndi mmene alili mwana wanu panopa, akuona ntchito yake ikuoneka yaukhondo, Chingerezi chosalala, nde mumtima akuti ndikuchita bwino.

Kumbali inayo, ku Edo State ku Nigeria mu 2024 World Bank inathandizira pulogalamu ya masabata 6 pomwe ana a sekondale ankaphunzira Chingerezi ndi AI akaweruka, mphunzitsi ali pompo akuwatsogolera, ndipo anachita bwino kuposa anzawo omwe sanalowe nawo. Chida ndi chofanana, chasiyana ndi kagwiritsidwe ntchito ndi munthu wamkulu amene waima pambali.

Nde mukakhala pansi ndi bambo, kapena ndi aphunzitsi, musakangane zoti AI ndi yabwino kapena yoipa, mkangano umenewo sutha ndipo aliyense adzangoumirira pake. Mugwirizane chinthu chimodzi chokha, ndi ntchito iti yomwe mutu wa mwana uyenera kugwira wokha, ndipo ndi iti yomwe angathandizidwe. Pamenepo nyumba ndi sukulu zikhoza kukumana, chifukwa bambo safuna mwana wolephera MSCE ndipo aphunzitsi safuna mwana wotsalira pa zinthu zamakono.

Koma ndinene mosabisa, ife makolo tili ndi mbali yathu pa vutoli. Mwana akabwera ndi ripoti funso lathu loyamba ndi lakuti wakhala nambala chani, wapeza mamalikisi angati. Sitifunsa kuti waphunzira chani. Mwana amamva uthenga wake bwinobwino, kuti pakhomo pano chofunika ndi malikisi, kaya abwera bwanji. Ndipo AI isanabwere n'komwe m'makomo ambiri homuweki ya mwana wa ku pulayimale ankalemba ndi achimwene ake, kapena aphunzitsi a pati taimu, pena mayi weniweniwo usiku kuti mwana asakakwapulidwe mawa. Likasa sitinalione lero. AI yangobwera kudzachita mwachangu komanso mwaulere zomwe tinkazilekerera kale. Nde ngati kusukulu akuti kukhulupirika, kunyumba tikuti bola wakhoza, mwana asankha chophweka, ndipo sitingamudabwe.

Sukulu nayonso ili ndi zoti ikonze. Kuletsa foni pa geti kwinaku ukutumiza ntchito pa WhatsApp n'kusokoneza mwana, chifukwa wamuuza kuti foni ndi yoipa masana koma ndi yofunika madzulo. Aphunzitsi ambiri omwe ndimacheza nawo pa ntchito yanga yophunzitsa aphunzitsi amagwiritsanso ntchito AI pokonza notsi ndi mafunso, ndipo palibe cholakwika, ndi makalasi odzaza mmene alili m'sukulu zathu za m'tauni muno munthu ayenera kupeza chomupepukitsira ntchito. Koma ana amadziwa, nde akamva mphunzitsi yemweyo akuti AI ndi tchimo amaona ngati ndi chinyengo cha akuluakulu. Chinanso, ziro ikhale yotsatira lamulo lomwe ana anauzidwa kale, osati lamulo lobadwa tsiku lochonga.

Pitani kusukuluko mayi, osati kukamenya nkhondo ya malikisi, ziroyo isiyeni ikhale chifukwa mwana anavomera yekha. Ngati n'kotheka mupite ndi bambo ake kuti akamve ndi makutu awo, nkhani yongowafotokozera inu kunyumba idzaoneka ngati mwatenga mbali ya aphunzitsi. Mukafunse mwaulemu kuti aphunzitsi, pa phunziro lanuli mwana akuloledwa kugwiritsa ntchito AI pati ndipo sakuloledwa pati? Akafuna kuti imufotokozere galamala yomwe sanamve m'kalasi, zili bwino? Nanga akalemba yekha kenako n'kuifunsa kuti imulozere pomwe walakwitsa? Mwina mudzapeza kuti aphunzitsiwo sanaganizirepo mpaka pamenepo, si mlandu, nkhaniyi ndi yatsopano kwa tonse, koma funso lanulo liwathandiza kuika malire omveka. Mupemphenso kuti mwana alembe kompozishoni ija kachiwiri ndi dzanja lake, olo asamupatse malikisi, angomuchongera kuti aone pomwe ali zenizeni.

Pali chinthu china chomwe ndikufuna aphunzitsi ndi makolo onse achidziwe, chifukwa mawa chidzagwera mwana wosalakwa. Mapulogalamu aja amati amazindikira zolembedwa ndi AI si odalirika. OpenAI eni ake a ChatGPT anapanga yawo n'kuichotsa mu Julayi 2023 chifukwa inkalakwitsa kwambiri. Chaka chomwecho ofufuza a ku Stanford anapeza kuti mapulogalamu oterewa ankanamizira nkhani zoposa theka zolembedwa ndi anthu omwe Chingerezi si chilankhulo chawo chobadwa nacho kuti ndi za AI, chifukwa anthu otere amalemba ndi mawu osavuta ndi ziganizo zofananafanana. Amenewo ndi ana athu omwe. Njira yabwino yodziwira ndi yakale yomweyi, muitane mwanayo, tseka kope, tandiuze walemba chani apa, mawu awa akutanthauza chani. Mphindi ziwiri zokha zimakwana.

Ndipo njira yomweyo ndi imene ndikupatsani kuti mugwiritse ntchito kunyumba, sifuna kuti mudziwe za kompyuta kapena kuti mukhale munafika fomu 4. Mwana akamaliza homuweki, foni aiike pansi, kope atseke, akufotokozereni m'Chichewa zomwe waphunzira, inu mukusenda mbatata kapena mukuchapa zilibe kanthu. Ngati ndi photosynthesis akuuzeni kuti chimanga chija chimapanga bwanji chakudya chake ndi dzuwa, madzi ndi mpweya. Mukhale ngati simukumva, mufunse kuti chifukwa chani, nanga kukakhala mdima zimatha bwanji. Mwana amene wangokopa amakakamira pa funso lachiwiri, amene wamvetsa amayamba kutambasula mpaka kukutopetsani. Kutembenuza chinthu kuchoka m'Chingerezi cha m'buku kuchiika m'Chichewa cha pakhomo ndi ntchito yomwe munthu sangaichite asanamvetse.

Lamulo lachiwiri likhale la ndondomeko, ayambe wayesa yekha, AI ibwere pambuyo. Masamu asove kaye mpaka pomwe wakanika, kenako afunse kuti ndalakwitsa pati, osati ansala ndi chani. Atha kuiuza poyambirira kuti ndili fomu 3 ku Malawi, usandipatse ansala, undifunse mafunso mpaka ndipeze ndekha, ndipo nthawi zambiri imamvera. Atha kuiuzanso kuti imukonzere mafunso oyeserera pa topiki yomwe akuwerenga iye n'kumayankha pa pepala. Kumeneko nde kugwiritsa ntchito komwe bambo akukufuna, kwa chitukuko chenicheni, ndipo sindikuganiza kuti pali mphunzitsi angakane. Lachitatu, akathandizidwa ndi AI alembe pansi pa ntchito yake kuti apa ndinafunsa AI ndipo inandithandiza chakuti. Chizolowezi chimenechi adzachifuna ku MUBAS, ku KUHeS kapena kulikonse komwe adzapite, chifukwa kumeneko kupereka ntchito ya wina ngati yako ndi mlandu waukulu kuposa ziro.

Mumuphunzitsenso kuti AI imanama, ndipo imanama molimba mtima osaphethira. Mmene imagwirira ntchito, inawerenga zolembedwa zambirimbiri nde imalosera mawu omwe akuyenera kutsatira mawu anzake, sikuti ili ndi kabuku ka zoona komwe imayang'anamo nthawi zonse. Mu 2023 maloya ena ku New York anapereka kukhoti milandu yakale yomwe ChatGPT inangopeka, yosakhalako n'komwe, woweruza anawalipitsa 5,000 dollars. Ngati maloya anapusitsidwa, kuli bwanji mwana wa fomu 3? Ndipo pa nkhani za kwathu kuno ndi pomwe imafooka kwambiri, chifukwa zolembedwa za Malawi ndi za m'Chichewa pa intaneti ndi zochepa poyerekeza ndi za Chingerezi. Tsiku lina madzulo khalani nonse, bambo, inu ndi ana, muifunse zinthu zomwe mukuzidziwa bwino. Muifunse tanthauzo la miyambi yomwe agogo amaponya, muifunse minibasi ya ku Chilomoni imadutsa kuti, muifunse za John Chilembwe ndi kuukira kwa mu Januwale 1915 ndi mishoni yake ya PIM ku Mbombwe ku Chiradzulu kenako mufananize ndi buku la kusukulu. Zina ikhoza ndithu, zina iphonya, ndipo mwana akaigwira yekha ikulakwitsa ndi phunziro lomwe silichoka m'mutu, limaposa kumuuza kakhumi kuti usamakhulupirire za pa foni.

Apa pali nkhani ya chikhalidwe yomwe timaizemba. Ana athu timawalera kuti wamkulu satsutsidwa, mwana wofunsafunsa timati ndi wamwano kapena wamakani, nde ena amapita kwa AI chifukwa ndi yokhayo yomwe siwaseka, sitopa, siwauza kuti funso lopusa limenelo. Pomwe ife tomwe timati safunsa anadya phula. Ngati tikufuna mwana azitha kukayikira makina, tiyenera kumulola kufunsa anthu, kunyumba ndi m'kalasi momwe. Ulemu ndi mmene wafunsira, osati kukhala chete. Ndimaona kuti pamenepa nde pomwe nyumba ndi sukulu zimagwirizana kale, koma pa chinthu cholakwika.

Za wamng'onoyo wa sitandade 6 ndiyankha mwachidule, asakhale ndi AI payekha. Mu 2023 UNESCO inalangiza kuti ana osafika zaka 13 asamagwiritse ntchito AI ya mtundu uwu, ChatGPT nayonso malamulo ake amati kuyambira zaka 13 ndipo wosafika 18 akhale ndi chilolezo cha makolo, WhatsApp yomwe ndi ya zaka 13 kupita m'mwamba. Pa msinkhu wakewo akufunika kuwerenga mokweza, kuloweza ma tebulo, kulemba ndi dzanja, PSLCE ili pafupi. Ngati pali chomwe akufuna kudziwa afunse kudzera mwa inu, foni ili m'manja mwanu, muwerenge ansala limodzi. Ena adzati nanga boma lomwe likugawa matabuleti m'sukulu za pulayimale, inde, pulogalamu ya BEFIT yomwe inayamba mu 2023 ikupereka matabuleti okhala ndi maphunziro a bungwe la onebillion a kuwerenga ndi masamu kwa ana a makalasi oyambirira, koma zimenezo ndi zina, mwana ndi amene amayankha ndipo tabuleti ndi yomwe imafunsa, simulembera homuweki.

China chomwe makolo ambiri sachiganizira chifukwa maso onse ali pa homuweki, atsikana ndi anyamata a msinkhu wa mwana wanu ayamba kuiuza AI zakukhosi, za chibwenzi, za thupi lawo, za mavuto a pakhomo, usiku magetsi atathima aliyense wagona. Zina zomwe imayankha ndi zabwinobwino, koma si azakhali ake, si anankungwi, si mlangizi wa kutchalitchi kapena kumzikiti, sidziwa banja lanu ndipo sidzabwera kudzamuona mawa. Mumuuze asamaikemo zithunzi zake, dzina la sukulu, nambala ya foni kapena komwe amakhala, chifukwa zomwe walemba zimakasungidwa ku makompyuta a kampani kunja. Foni izigona pa balaza osati kuchipinda, ndipo lamulo limeneli likhale la nyumba yonse kuti asaone ngati chilango chake yekha. Adziwenso kuti akakumana ndi zomuopseza kapena wina akamuvutitsa pa intaneti pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana.

Bambo ake musawatsutse pamaso pa ana. Mukakhala awiri muwauze kuti mukugwirizana nawo zoti mwana adziwe zamakono, kenako muwapemphe kuti poti bandulo amagula ndi iwo, akhalenso iwowo omufunsa mwana Loweruka lililonse kuti sabata ino AI yakuphunzitsa chani, tandionetsa. Abambo ambiri akapatsidwa udindo pa chinthu amachigwira, pomwe akangouzidwa kuti mwalakwitsa amaumitsa khosi.

Ndipo nkhaniyi isathere pa nyumba yanu yokha, chifukwa mwana wanena kale kuti anzake onse akupanga. Mwana mmodzi sangapirire kulemba movutikira n'kupeza 55 pomwe mnzake wakopa wapeza 90 popanda chomuchitikira. Mukaipereke ku msonkhano wa PTA, mudutse kwa ahedi kapena kwa wapampando kuti ilowe pa mndandanda wa zokambirana, ngati pali Mother Group pasukulupo muwauzenso. Chomwe mukapemphe ndi pepala limodzi lokha, lolembedwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi, lonena ntchito zomwe AI ndi yoletsedwa, zomwe ndi yololedwa bola mwana wanena, ndi zomwe zimachitika akaphwanya, ana angapo akhale nawo polemba kuti asaone ngati lagwa kuchokera kumwamba. Mukapemphenso kuti ntchito zolemba zazitali zina zizilembedwa m'kalasi momwemo, ndipo za kunyumba zizikhala zoti makina sangayankhe okha, monga kukafunsa agogo mmene Ndirande kapena Bangwe inalili kale, kukalemba mitengo ya tomato ndi makala mu msika wa Limbe kwa sabata n'kuwerengera kusintha kwake, kufotokoza zomwe dera lawo linaphunzira pa Cyclone Freddy mu Malichi 2023. Pa msonkhanowo mukakumbutsenso za ana omwe kwawo kulibe foni ya WhatsApp, kapena ilipo imodzi ya bambo omwe amafika usiku, sukulu ipeze njira yoti asayimenti izilembedwanso pa bolodi kuti amenewo asamalandire ntchito mochedwa kenako n'kumapikisana malikisi ndi anzawo omwe awalembera ndi makina.